Ulemu Unandidyera Masiku Atatu

Mphatso ndi Tadala, ana anga, amayi anu akuti chipumireni pantchito ndasanduka mlonda wa zenera, kukacha n'kumangowerenga mabasi odutsa mu Gorbals muno. Ndiye andigulira kope kuti nawonso apumeko. Za ubwana wanga ku Ntcheu munazimva mpaka kutopa nazo, sindibwereza. Ndikufuna ndilembe za ntchito, makamaka ya kufakitale ija imene mukandifunsa ndinkangoti timakonza magalasi. Sindinkanama, koma sindinkanenanso zonse, chifukwa lamulo linkanditseka pakamwa. Ngakhale pano dzina la kampani sindilemba, ndipo zina ndizilumpha dala.

Blantyre, m'zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali ku ofesi yoyeza malo. Sindinkapita kutchire ndi anzanga oyeza, ine ndinali m'kachipinda kakuseri, kokonzera makina awo aja a miyendo itatu, amene munthu amasuzumiramo ndi diso limodzi. Bwana wanga anali a Chimwaza, munthu wamfupi, wovala tayi ngakhale mu Okutobala, amene sindinawaonepo akuthamanga kapena kuseka mano onse. Zipangizo kunalibe. Mapepala opukutira magalasi anatha ine ndisanabwere, ndiye tinkapukutira matewera akale ochapa bwino amene a Chimwaza ankabweretsa kuchokera kwawo. M'kati mwa makinawo muli timizere tiwiri topingasana ngati mtanda, timene woyeza amalozetsa pa chinthu. Timizereto tikaduka, a Chimwaza ankatitenga kupita kuseri kwa galaja kukasaka kangaude. Musaseke, ulusi wa kangaude ndi umene tinkamatapo, ndipo unkagwira ntchito. Tsiku loyamba ndinadula maulusi asanu ndi awiri, iwo ali chiimire kumbuyo kwanga. Anangoti, “Kuona maso a nkhono n'kudekha, a Phiri. Yambiraninso.”

Lamulo lawo lalikulu linali loti makina aliwonse ayesedwe kawiri, m'mawa kukuzizira ndiponso masana dzuwa lili paliwombo. Ankati chitsulo ndi galasi zimalankhula zina zikazizidwa, zina zikatenthedwa, ndiye usamakhulupirire umboni wa nthawi imodzi. Ife anyamata tinkaona ngati n'kutizunza chabe, mpaka tsiku limene makina ena ochokera ku ofesi ina anasuntha malire a munda ku Chiradzulu ndi mapazi angapo, mabanja awiri n'kutulutsirana zikwanje. Cholakwa chake m'makinamo chinali chochepa kuposa tsitsi. Kuyambira pamenepo sindinadandaulenso zofika kuntchito kusanafunde.

Chinanso chimene ndinaphunzira kumeneko, chimene palibe anachita kundiphunzitsa, ndi kalankhulidwe ndi akuluakulu. Kwa zaka zonse zimene ndinakhala pansi pa a Chimwaza, sindinamvepo munthu akuwayankha kuti ayi. Akalakwitsa, ndipo ankalakwitsa ndithu, unkangoti, “Ndamva, bwana,” n'kutuluka. Kenako unkapita kwa dalaivala wawo, bambo wachikulire amene anakulira nawo limodzi, n'kumufotokozera. Iye ankasankha tsiku labwino, n'kuwauza ali awiri m'galimoto. Mawa lake a Chimwaza ankabwera n'kusintha zinthu ngati aganiza okha, palibe wachita manyazi. Njira imeneyi inkayenda bwino kwambiri, ndipo ndinkaiona ngati nzeru yoposa ya m'mabuku.

Glasgow, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Amene anatibweretsa kuno ndi amayi anu, musadzalole wina akuuzeni zina. Iwo ndi amene anapeza ntchito ya unamwino, ine ndinangobwera ngati katundu wawo, nditagwira Mphatso padzanja. Tinayambira ku Govanhill, m'chipinda chapamwamba chimene mawindo ake ankalira ndi mphepo. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi tinkakwera basi kupita ku Sighthill, ku nyumba zosanja zija anazigwetsa, kukacheza ndi anzathu amene ankadikira mapepala. Masatifiketi anga a ku Blantyre palibe anawayang'ana kawiri. Munthu wa zaka makumi anayi, wokonza makina osamala ngati dzira, ndinapatsidwa mopu ndi ndowa. Zinandiwawa, sindibisa. Ndinkanyamuka m'nyumba nditavala jekete ndi tayi, ovolosi ili m'chikwama, kuti anthu a m'basi asadziwe.

Kampani yokolopa imene inandilemba ntchito inanditumiza ku fakitale ina kufupi ndi mtsinje, yopanga makamera. Kumeneko ndinakumana ndi Hamish, kapitawo wa chipinda choyesera, mzungu wamtali wa ndevu zotuwa amene Chingelezi chake ndinatha miyezi itatu ndisanayambe kuchimva. Tsiku lina ndikukolopa ndinaona katswiri wina akulimbana ndi galasi, chithunzi chikukana kukhala pakati. Ndinadutsa kawiri, kachitatu mtima unakana. Ndinati, “Pepani, mwamangitsa mbali imodzi. Masulani zonse, muzimanga pang'onopang'ono mopingasa.” Anandiyang'ana ngati mopu walankhula. Hamish, amene anali pafupi, anati, “Tamusiyeni ayese.” Ndinapukuta manja n'kukhala pampando. Patatha mwezi anandiitana ku mayeso, ndipo chaka chimene Tadala anabadwa ndinali nditavala gauni loyera, ndili ndi tebulo langalanga. Ukaipa dziwa nyimbo, ana anga. Tsiku limenelo ndinayenda wapansi kuchokera kufakitale mpaka kunyumba, mvula ikundinyowetsa, ndikungomwetulira ndekha.

M'fakitalemo munali mzere wachikasu wopakidwa pansi, ndi chitseko chotsegula ndi khadi. Kuseri kwake n'kumene ankapanga katundu wa asilikali a ku Amereka. Ine sindinkaloledwa kuwoloka mzerewo, ngakhale kusuzumira, chifukwa chobadwira ku Malawi. Lamulo lake silinali la kuno, linali la ku Amereka, koma linkalamulira pansi pa fakitale ya ku Scotland ngati kwawo. Amati luso lawo la nkhondo likaonedwa ndi munthu wa dziko lina, ndiye kuti latumizidwa ku dziko limenelo. Hamish ankandiseka kuti maso anga ndi doko la Malawi. Zikawavuta m'katimo ankatuluka, n'kundifotokozera vutolo mozungulira ngati mwambi, ine n'kumuyankha mozunguliranso, onse tikudziwa chimene tikunena.

Chaka chimene ndinawoloka mzere wachikasu

Nditalandira unzika wa dziko lino, kampani inandilembera mapepala opempha chilolezo. Anafunsa za makolo anga, za abale anga, mpaka za mlamu wanga wa ku Joni amene ine ndemwe sindidziwa chimene amachita. Patapita pafupifupi zaka ziwiri chilolezo chinabwera. Tisanalowe, ife atsopano anatikhazika m'chipinda kuti tiphunzitsidwe ndi loya wochokera ku Amereka, Mayi Whitfield, mayi wakuda ngati ife, wolankhula mosathamanga, amene anagwirapo ntchito ya uloya m'gulu lankhondo la kwawo. Ankabwera kamodzi pachaka kudzaona ngati tikusunga malamulo awo.

Ndi iwo amene anatiuza mosabisa chimene tinkapanga. Anali maso a ndege zija zouluka popanda munthu m'kati. Kamera imapachikidwa kumimba kwa ndege, munthu woyendetsa ali pampando kutali, kutsidya la nyanja. Pa chithunzi chimene amaona pali kamtanda, ndipo m'kameramo mumatuluka kuwala kosaoneka ndi maso kumene bomba limatsatira. Ntchito yanga inali yoonetsetsa kuti pamene pali kamtanda ndi pomwe pakugwa kuwalako. Ndinangoti mumtima, a Chimwaza, ulusi wa kangaude uja wandifikitsa patali.

Mnzanga wina anafunsa mwachipongwe kuti loya amafuna chiyani kunkhondo. Mayiwo sanakwiye. Anati, “Kwathu anthu amavota, ndipo safuna kuona ana awo akubwera m'mabokosi. Safunanso kuona pa TV ana a anthu ena ataphedwa m'dzina lawo. Koma nkhondo amaifunabe ikafika. Ndiye timatumiza makina m'malo mwa ana athu, ndipo pambali pa mkulu wa asilikali timakhazikapo loya. Asanaombere, mkuluyo amatembenuka n'kufunsa ngati lamulo likulola. Ine ndakhalapo pampando umenewo. Ndinkayang'ana chithunzi n'kufunsa kuti, chimene wanyamula munthuyo paphewa ndi mfuti kapena khasu? Nyumba yoyandikana nayo muli ndani? Ndikavomera, ndimavomera nyumba imene ili pa kamtanda, osati ya pambali pake. Kamera yanu ikanama, ndiye kuti nanenso ndanama.” Pomaliza anatipatsa aliyense kakhadi kokhala ndi nambala ya foni, n'kunena kuti aliyense woona cholakwika ali ndi ufulu woimba osadzera kwa bwana wake, ndipo lamulo limuteteza. Ndinakaika m'chikwama mwaulemu, koma mumtima ndinaseka. Kwathu munthu wolumpha bwana wake n'kukanena kwa alendo timamutcha kazitape.

Ndinagwira ntchito kuseri kwa mzerewo zaka zoposa khumi, ndipo ndinkainyadira. Amereka ndi anthu odabwitsa. Nkhondo yawo imayenda ndi loya ngati ukwati ndi ankhoswe, ndipo kamera iliyonse inkatuluka ndi mapepala olemera kuposa kamerayo. Pa pepala lomaliza pankakhala dzina la woyesa, kutsimikiza kuti waona ndi maso ake. Nthawi zina ndinkaganiza kuti mapepalawo ndi sopo wosambira m'manja basi, kuti zikalakwika aliyense aloze chikalata. Nthawi zina ndinkaganiza kuti bola iwo amadzifunsako, pamene ankhondo ena amangowotcha mudzi wonse n'kumapita. Mpaka lero maganizo awiriwa amakhala m'mutu mwanga ngati mitala.

Chaka chimene Tadala anakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi

Tadala, chaka chimenecho udzachikumbukira. Unabwera kuchokera kusukulu utamva kwa anzako chimene fakitale yathu imapanga, ndipo Loweruka lina unakaima nawo pageti ndi zikwangwani. Pa chakudya chamadzulo unandiyang'ana m'maso, chinthu chimene ine sindinachitepo kwa bambo anga, n'kunena kuti, “Dad, you make eyes for killing people.” Amayi ako anakukalipira kuti, “Iwe, ungalankhule choncho ndi adadi ako? Ndipo ulankhule Chichewa m'nyumba muno.” Iwe unati, “Chabwino. Adadi, mumapanga maso ophera anthu. Same thing, Mum.” Ndinakuyankha kuti diso labwino limapulumutsa munthu wa khasu. Unandifunsa kuti, nanga ndani anawapatsa ufulu wouluka pamwamba pa munda wake? Ndinachita zimene abambo amachita akasowa yankho, ndinakuuza kuti ukachape mbale. Ndinakwiya sabata yonse, koma ndivomere lero kuti pansi pa mkwiyowo ndinkanyada kuti ndabereka munthu wosaopa.

Miyezi ingapo pambuyo pake, kampani inasintha guluu womatira kagalasi kena m'kati mwa kamera, chifukwa wakale anasiya kupezeka. Nthawi imeneyo woyang'anira gawo lathu anali Gordon, munthu wa zaka zochepa kwa ine, wakhama, wosagona tulo ndi masiku otumizira katundu. Sanali munthu woipa. Oda ya makamera amenewo inali itachedwa kale, ndipo akuluakulu anali atamuuza kuti ikachedwanso Amereka apita kwina, gawo lathu litsekedwa.

Ndondomeko yolembedwa inkati kamera iikidwe mufiriji yaikulu yoyesera, kenako itulutsidwe, idikire ola limodzi, ndiye iyesedwe. Ine, chifukwa cha chizolowezi cha ku Blantyre, ndinkayesa kawiri, ikangotuluka ili yozizira ndiponso ola lija likatha. Palibe anandituma, ndipo anzanga ankati ndi ufiti wanga wa ku Africa. Lolemba limenelo ndinayesa kamera yoyamba ya guluu watsopano ili yozizira, ndipo kuwala kunagwa pambali pa kamtanda. Pang'ono chabe. Ola litatha, kunabwerera pakati penipeni ngati sikunachokepo. Ndinayesa yachiwiri, yachitatu, chimodzimodzi. Ndinatenga pensulo n'kuwerengera kuti kusiyana kumeneku kungakhale kotani ndege ili m'mwamba, kumene kumazizira kuposa firiji yathu. Yankho linali loti bomba likhoza kugwa pa nyumba yoyandikana nayo.

Ndinapita kwa Gordon ndi manambala anga. Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna mumvetse bwino. Ndinagogoda, n'kudikira, n'kukhala pansi ndisanalankhule, chifukwa sungaimirire pamutu pa bwana. Ndinayamba ndi kumufunsa za ana ake. Kenako ndinati mwina, kapena ndi maso anga okalamba, pali kanthu kakang'ono kamene angafune kukaona akapeza mpata. Iye anayang'ana pepalalo n'kufunsa kuti, “Pa ndondomeko yolembedwa, zakhoza kapena zalephera?” Ndinati zakhoza. Anati, “Ndiye zakhoza, Wyson. Mgwirizano umati tiyese ola likatha. Zimene wayesa iwezi palibe anatipempha. Bokosi loyamba linyamuka Lachinayi.” Ine ndinaweramitsa mutu n'kunena kuti, “Ndamva.” Kwathu mawu amenewo, onenedwa motero, munthu wamkulu amadziwa kuti nkhani sinathe. Gordon ndi wa ku Paisley, konkuno ku Scotland. Anaona munthu wofatsa amene wabwera ndi kankhawa, walandira yankho, wakhutira.

Nditatuluka ndinachita zimene ndinkadziwa, ndinasaka dalaivala wa a Chimwaza. Hamish ndiye anali woyenera, wachikulire, woti Gordon anaphunzira ntchito m'manja mwake. Koma Hamish anali patchuthi, akuwedza nsomba kumpoto, ndipo ankabwera Lachinayi. Kumuimbira foni munthu ali patchuthi ndinaona ngati kupanda khalidwe. Ndinati ndidikira, nkhani yotere imafuna kukhala pansi. Mapepala a bokosi loyamba ndinangowasiya pakona ya tebulo osasayina, poganiza kuti Gordon akawaona ali choncho amva chimene ndikunena. Lachiwiri linadutsa, Lachitatu linadutsa. Pakadafunda padajiwitsa galu. Lachinayi m'mawa ndinapeza mapepala palibe. Gordon anaganiza kuti ndatanganidwa, anawapereka kwa woyesa wina wa shifiti ina, amene anayesa motsatira ndondomeko, n'kupeza zonse zili bwino, n'kusayina ndi mtima woyera. Bokosi la makamera asanu ndi atatu linali litapita ku bwalo la ndege.

Hamish atafika ndinamukokera kukantini n'kumufotokozera zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anamenya tebulo mpaka tiyi anatayika. “Wyson, masiku atatu! Unali ndi foni m'thumba masiku atatu! Bwanji sunamuuze Gordon kuti ayi?” Ndinati ndinamuuza. Anati, “Unamuuza chiyani?” Nditabwereza mawu anga, anagwira mutu. “Amenewo si ayi. Kuno ayi ndi ayi. Umaimirira, umanena, ndipo ngati akukana umalemba.” Tinapita limodzi kwa Gordon, ndipo ulendo uno Hamish analankhula mosazungulira. Koma Gordon anali atalowa kale m'madzi. Anati lamulo lili kumbali yake, bokosi lapita movomerezeka, ndipo kuliitanitsa n'kudzipha tokha. Anati alembera akatswiri kuti adzaunike guluuyo mwezi wamawa. Kenako anatulutsa mapepala a bokosi lachiwiri n'kuwaika patsogolo panga, cholembera pamwamba. “Sayina, Wyson. Palibe bodza lililonse papepalapo. Ukakana, ndiyenera kulemba kuti wakana ntchito, ndipo ukudziwa kuti khadi lako la kuseri kwa mzere silichedwa kuchotsedwa.”

Ankanena zoona, papepalapo panalibe bodza. Ndinali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, ndipo munthu wa msinkhu umenewo akachotsedwa ntchito yotere sapezanso ina, amabwerera ku mopu. Ndinayang'ana cholembera chija nthawi yaitali. Kenako ndinaimirira n'kunena kuti, “Ayi, Gordon. Sindisayina.” Aka kanali koyamba m'moyo wanga wonse kunena mawu amenewo kwa bwana, ndipo anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira, mpaka mlembi wa panja anasiya kutayipa.

Koma kukana kwangako sikukanabweza bokosi loyamba. Masana amenewo ndinapempha kutuluka, n'kupita kuchipatala kumene amayi anu ankagwira ntchito, ndinawapeza pa nthawi yopuma. Ndinawauza zimene ndikanatha kuwauza, n'kuwaonetsa kakhadi ka Mayi Whitfield, kamene kanali katafwifwa m'chikwama. Ndinati, “Ndikaimba foni iyi, ndagulitsa anzanga. Gawo likatsekedwa, mabanja onse aja adzaloza ine, mlendo amene anamutola ndi mopu.” Amayi anu anandiyang'ana monga amayang'anira wodwala wokana mankhwala. Anati, “A Phiri, ine ndikaona dokotala walemba mankhwala olakwika sindidikira dalaivala wake. Mwataya kale masiku atatu ndi ulemu wanuwo. Anthu a m'nyumba ya pambaliyo alibe abale? Imbani pompano, ndili pano.” Ndinaimba nditaima pamalo oimika magalimoto, iwo atandigwira mkono.

Zotsatira zake zinabwera mofulumira moti ndinachita mantha. Lisanathe tsiku lotsatira, katundu yense anaimitsidwa. Sabata yotsatira kunabwera anthu anayi ochokera ku Amereka, Mayi Whitfield ali nawo, ndipo anandikhazika m'chipinda masiku awiri kundifunsa mafunso omwewomwewo mosinthasintha. Anandiuza kuti ndiyese kamera pamaso pawo. Ndinaitulutsa mufiriji, manja ali phee ngati a Chimwaza aima kumbuyo kwanga, ndipo kuwala kunagwa pambali pa kamtanda onse akuona. Mmodzi wa iwo anatukwana chapansipansi. Mayi Whitfield anandifunsa kuti ndinazindikira liti. Ndinati Lolemba. “Nanga munaimba liti?” Ndinati Lachinayi. Anafunsa chifukwa chake, ndipo ndinayesa kuwafotokozera za ulemu, za mkhalapakati, za kusachititsa manyazi munthu wamkulu. Analemba zonse osakweza mutu. Atamaliza anati, “Agogo anga akanakumvetsani bwino kwambiri, Bambo Phiri. Koma ndiyenera kulemba kuti masiku atatu.”

Makamera asanu ndi limodzi anawapeza ali m'nyumba yosungira katundu. Awiri anali atatumizidwa kale kunkhondo, ndipo anauluka masiku angapo asanachotsedwe. Ndinawafunsa mayiwo ngati pa masiku amenewo ndege zimenezo zinaombera. Anati, “Sindingakuuzeni.” Ndinafunsa ngati akudziwa. Anabwereza mawu omwewo. Mpaka lero sindidziwa, ndipo ndikanaimba Lolemba funso limeneli silikanakhalapo. Limandipweteka, ndipo ndasiya kuyembekezera kuti lidzasiya.

Gawo lathu silinatsekedwe, ngakhale linatsala pang'ono. Ntchito inaima miyezi iwiri, ndipo nthawi yonseyo kukantini ndinkadya ndi Hamish yekha. Ena ankandidutsa ngati mtengo. Wina analemba mawu oipa pa kabati yanga, sindiwabwereza. Gordon anasamutsidwira ku gawo lina, ndipo tinkapatsana moni wa pakhonde basi. Lamulo lija linanditetezadi, khadi langa silinachotsedwe. Koma lamulo silikakamiza munthu kukukonda. Hamish atapuma, aliyense ankadziwa kuti ukapitawo unali wanga, koma unapita kwa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira galasi. Ndinamugwira chanza, n'kubwerera patebulo langa, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka tsiku lopuma. Chimene chinasintha ndi ndondomeko. Analembamo mzere watsopano woti kamera iliyonse iyesedwe kawiri, ili yozizira ndiponso itafunda, ndipo ndinamva kuti mzere umenewo unafika ku mafakitale enanso.

Zaka za kupuma

Tadala, iwe sunadziwe zonsezi nthawi imeneyo. Unkangoona adadi ako akubwera kunyumba osalankhula, ndipo mwina unkaganiza kuti ndikukwiyirabe za zikwangwani zija. Chaka chatha, pamene unandiperekeza kukagula nsapato mumzinda, ndinakufotokozerako pang'ono tili m'basi. Titawoloka mtsinje unati, “Koma adadi, you still worked there.” Ndinati inde, ndinkagwirabe ntchito kumeneko. Sunasinthe maganizo ako pa za nkhondo zawo, ndipo sindikukupempha kuti usinthe. Mwina iwe ndi amene ukulondola. Ine ndinali munthu wa patebulo, sindinasankhe nkhondo iliyonse, koma sindinganenenso kuti manja anga sanakhudzeko. Potsika basi unandigwira mkono, chinthu chimene unasiya uli ndi zaka khumi, ndipo sunausiye mpaka m'sitolo.

Ulemu musautaye, ana anga. Unanditsegulira zitseko zambiri m'dziko la eni, ndipo ndimakondwa ndikamva Mphatso akupereka moni wa “mwadzuka bwanji” kwa akuluakulu kutchalitchi ndi lilime lake la Glasgow. Koma tsiku limene mudzaone kuti moyo wa munthu uli pa cholembera chanu, musadzakhale pansi, musadzafunse za ana a bwana, musadzasake mkhalapakati. Mudzanene tsiku lomwelo.

Kwinakwake ku Amereka kuli nyumba yosungira mafayilo, chifukwa anthu aja sataya pepala. M'menemo muli mapepala ambirimbiri okhala ndi dzina langa, W. Phiri, lolembedwa bwino ndi inki yakuda, ndipo lililonse ndinaliyesa ndi maso anga. Pakati pawo pali limodzi la bokosi lachiwiri, limene malo a dzina la woyesa ali mbee. Adzukulu anga akadzakufunsani kuti agogo ankagwira ntchito yanji, mudzayambire pa pepala limenelo.